Timasupuni ta Makanda m'Kangolo Kathu

Pepala la kuchipatala ndinali nditaliwerenga kambirimbiri moti pofika Loweruka m'mawa ndinkalitchula pamtima. Opaleshoni yanga inali Lolemba, naini koloko. Madokotala anati adzadula chifu changa n'kusiya kachigawo kakang'ono, kongokwana timasupuni tingapo ta chakudya. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, makilo 139, matenda a shuga, ndi mawondo amene ankayamba kulira ndikangoima ola limodzi ndikuluka anthu ku saluni. Tsikuli ndinalidikira zaka ziwiri.

"Ukumwetulira chiyani wekhawekha?" anafunsa asisi anga akutuluka kubafa, thaulo lili kumutu. Ndimakhala nawo m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo ndiwo anadzipereka kuti adzandidwazika.

"Ndikutsanzikana ndi khitchini."

"Tsanzikana ndi izi kaye." Anatsegula kabati n'kuyamba kutulutsa zonse zimene pepala linaletsa: shuga, jamu, mabisiketi, mabotolo awiri a zakumwa za gasi. Kuseri kwa mapoto anapezako chokoleti chimene ndinabisa miyezi yapitayo. Anachikweza m'mwamba. "Ichi unkasungira mbewa?"

Ndisanayankhe, foni inalira. Unali uthenga wa Wamagetsi.

"Abwana, galimoto yatsukidwa, dalaivala wasamba. Ndinyamuke?"

"Nyamuka. Usadye chonunkhira m'njira. Lero ndi tsiku la khumi ndi chiwiri ndikumwa zamadzimadzi zokhazokha, ndikhoza kukuluma."

"Ndiye ndidzola mafuta a nkhuku, undilume bwino."

Aliyense amamutchula kuti Wamagetsi. Tinadziwana atabwera kudzakonza makina oumitsira tsitsi ku saluni. Ntchito inatha m'mphindi khumi, koma iye anabwerabe masiku atatu otsatizana, ati kudzaona ngati waya sakutentha. Ndi munthu wamtali, woonda ngati nsungwi. Tikamayenda limodzi, anzanga a ku saluni amati nambala teni ikudutsa.

*

Galimoto yake ndi ija ya ntchito, makwerero ali pamwamba, mawaya ali mbwee kumbuyo. Koma tsiku limenelo anali atasesa, pampando panga ataikapo pilo.

"Werenga pepala lija timve," anatero titalowa mumsewu waukulu.

"Sabata yoyamba, madzi ndi msuzi wosefa. Yachiwiri, mkaka wopanda mafuta ndi yogati. Yachitatu ndi yachinayi, zogaya. Kenako zofewa."

"Nanga nyama?"

"Nyama tidzaonana nayo pakatha miyezi iwiri, nayonso kachidutswa konga chala."

"Chala chako kapena changa? Chifukwa changa n'chachitali."

Ndinaseka mpaka pepala linagwera pansi. Nditalitola ndinafunsa funso limene ndinali nalo pakhosi chidzukire.

"Amayi ako wawauza?"

Anasintha giya popanda chifukwa.

"Ndiwauza."

"Liti? Nditatuluka m'chipatala?"

"Ukuwadziwa amayi."

Ndinkawadziwadi. Tsiku loyamba limene anandionetsa kwa iwo, amayi akewo sanayang'ane nkhope yanga, anayang'ana miyendo ya mpando umene ndinakhalapo. Mwana wawo ndi yekhayu, ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo iwo amafuna chinthu chimodzi basi: mdzukulu. Anamuuza poyera kuti mkazi wa thupi ngati langa sabereka. Tsono adokotala anali atatiuza tonse awiri kuti opaleshoni ikachitika, ndisatenge pakati mpaka patadutsa chaka ndi theka.

"Ndikangoti chaka ndi theka, iwo amva ngati ndati mpaka kalekale," anatero.

"Ukawabisira adzati ndine ndakutseka pakamwa."

"Mawa akaweruka kutchalitchi ndipita. Ndalonjeza." Anagwira dzanja langa n'kuliika pa giya, lake pamwamba. "Lero tisangalale, abwana. Lero tikukagula moyo wako watsopano."

Ndinamusiya. Ndinali wosangalala kwambiri moti mkangano sunandikomere.

*

M'sitolo yaikulu ija, pakhomo penipeni ndi pamene amaphikira buledi. Fungo linandimenya ngati khofi. Ndinaima chilili.

"Osayang'ana kumanja," Wamagetsi anatero, akukankha kangolo ndi dzanja limodzi, linalo akundikoka. "Kumanja kulibe anthu. Kuli adani okhaokha."

Tinayamba ndi za msuzi: nkhuku ziwiri, mafupa a ng'ombe, karoti, anyezi. Kenako mkaka, yogati, mazira, maungu, mbatatesi, nsomba zam'chitini. Iye anadzipatsa udindo wowerenga timalemba tating'ono ta pa mapaketi, atakwinya maso ngati akuwerenga mita.

"Uyu akuti alibe shuga, koma kumbuyo kuno wavomera kuti ali naye. Wabodza uyu." Anamubwezera pa shelefu. "Uyu ndiye mwana wabwino."

Pa zipangizo za kukhitchini tinatenga bulenda yogayira chakudya, sefa, kasikelo, timakontena ta zivindikiro, ndi mathireyi anayi oumitsira ayisi. Mayi wa zakudya wa kuchipatala anati msuzi ndiziumitsa m'mathireyimo, kuti ndikafuna ndizingosungunula timibulu tiwiri. Tinatenganso pilo wamkulu woti ndizigwirira pamimba ndikamatsokomola, ndi madiresi awiri otaya, opanda lamba.

"Chatsala n'chiyani?"

"Timasupuni ndi timbale ta makanda. Akuti supuni yaikulu imanamiza munthu, umameza zambiri osadziwa."

Mbali ya makanda inamusangalatsa Wamagetsi kuposa zonse. Anatola kasupuni kokhala ndi mutu wa bakha, kena ka mutu wa chule, kambale kogawa zipinda zitatu, kakapu ka mizere yoyezera. Anaponyamonso timabotolo sikisi ta zipatso zogaya. Kenako anandilozetsa kasupuni ka bakha kukamwa.

"Yasamula. Aaa."

"Anthu akutiona, iwe."

"Atione. Yasamula, mwana wabwino."

"Moni achimwene."

Mawuwo ndinawazindikira ndisanatembenuke. Anali Soprano. Amaimba kwaya imodzi ndi amayi a Wamagetsi, ndipo ndiye amene amayiwo anasankhira mwana wawo kalekale. Loweruka lililonse amapezeka kwawo, ati kukawathandiza kuchapa makatani. Makatani a nyumba imeneyo ndi oyera kuposa a m'chipatala. Anali atavala diresi yothina m'chiuno, kabasiketi kali pamkono, muli sopo mmodzi.

"Zikomo achemwali," Wamagetsi anayankha, akubisa kasupuni kumbuyo.

"Nanunso moni," anatero kwa ine, maso ali m'kangolo. Anayang'ana pilo, madiresi otaya, timbale, timabotolo. "Mwagulatu. Kuli phwando la mwana wa ndani?"

"Kulibe phwando. Ndi zanga."

"Zanu?"

"Zanga ndithu. Adokotala ndiwo alamula."

Sindinafune kuti nkhani ya opaleshoni ifike kwa amayi kudzera pakamwa pa Soprano, ndiye ndinalekera pomwepo. Koma Wamagetsi, poona kuti pakhala zii, anafuna kudzaza.

"Tikukonzekera moyo watsopano, achemwali. Muzitipempherera."

Nkhope ya Soprano inagwa ngati khoma lonyowa. Anayang'ana mimba yanga, n'kuyang'ana iye, n'kubwereranso pamimba panga.

"Oo. Chonchi?" Anatulutsa foni n'kumaigwiragwira ngati walandira uthenga, itapenya kukangolo kwathu. "Ayi, zabwino zonse. Anthu ena mumafulumira."

Anachoka zidendene zikugogoda. Sopo uja anamusiya pa shelefu ya matewera.

"Wamuona mmene waumira?" ndinanong'oneza. Mtima wanga unkavina. Zaka ziwiri mkazi ameneyu akundiyang'ana ngati thumba la simenti limene laikidwa panjira yake, lero ndiye wachoka nkhope itagwa. Sindinadzifunse n'komwe kuti chamuumitsa n'chiyani.

*

Ku famase tinapeza mayi wachikulire wa magalasi, amene anawerenga pepala langa mpaka pansi asanatenge kanthu.

"Lolemba lomweli? Mwalimba mtima, mwachita bwino." Anayamba kuika pa kauntala: mavitamini otafuna, mapiritsi a magazi, a mafupa, chitini cha ufa wa mapuloteni wosungunula mu mkaka, ndi kachipangizo kophwanyira mapiritsi. "Mavitaminiwa si a mwezi umodzi ayi, ndi a moyo wonse. Madzi muzimwa pang'onopang'ono, tsiku lonse, koma osamwa mukudya. Awa ndi amuna anu?"

"Sanafike pamenepo," ndinatero.

"Ndili m'njira, mayi," Wamagetsi anayankha. "Ndangotsala pang'ono kukhota."

Mayiwo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mukhote msanga. Akaonda awa, mzere wa amuna udzafika pamsewu."

Ine ndinaseka. Iye anasekanso, koma kuseka kwake kunatha msanga.

*

Pofika thuu koloko khitchini yathu inali ngati fakitale. Asisi anamata timapepala pa mashelefu: sabata yoyamba, sabata yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi. Mpoto wa mafupa unkabwata. Ine ndinkasenda karoti nditakhala pampando, Wamagetsi akuchotsa chikopa cha nkhuku, manja ali noninoni. Bulenda anali atayiyesa kale katatu, yopanda kanthu, kungofuna kumva kulira kwake.

Foni yake inalira m'thumba la malaya. Anasuzumira.

"Amayi. Ndiwaimbira tikamaliza."

Asisi atatuluka kukapereka mabisiketi aja kwa aneba, iye anasiya kusenda nkhuku ija.

"Zimene ananena mayi a ku famase zija," anayamba, osandiyang'ana.

"Za madzi?"

"Za mzere."

Ndinaika mpeni pansi. "Iwe, ukuchita nsanje ndi anthu amene sanabwere n'komwe?"

"Ndikunena zoona. Ine ndine wamagetsi chabe, wokwera mapolo. Panopa ukundiona chifukwa ndine ndinabwera. Ukadzavala madiresi aja umawaloza m'mawindo, adzabwera a mataye, a magalimoto opanda makwerero. Udzandiyang'anabe?"

Sindinayembekezere. Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti wamantha ndine ndekha. Ndinkaopa kuti mwina iye amakonda thupi lomweli, ndipo likachoka adzaona mlendo. Ndinamuuza zimenezo.

Anatembenuka, manja ali m'mwamba kuti asandipake mafuta. "Ine ndinakonda mkazi amene anandilalatira kuti ndaponda mawigi ake. Ameneyo madokotala samudula."

"Ndiye nanenso mva. Tsiku limene ndinakomoka pa siteji ya basi, a mataye aja ankandidutsa ngati chitsa. Amene anabwera akuthamanga, chipewa cha ntchito chili kumutu, n'kukhala nane pabenchi ya chipatala mpaka madzulo, ndi wokwera mapolo. Mzerewo ukadzabwera, iwe ndiwe udzakhale pakhomo n'kumawauza kuti malo anatha."

Anawerama n'kugunditsa chipumi chake pa changa. Ankanunkha anyezi. Foni inaliranso, ndipo inaliranso kachitatu.

"Yankha, mwina n'zofunika."

"Akufuna ndikawakonzere wailesi. Mawa."

Asisi analowa n'kutipeza choncho. "Msuzi ukupserera, inu muli pa filimu. A Magetsi, sefani uko."

Tinasefa msuzi, kuudikira kuti uzizire, kuchotsa mafuta oyandama pamwamba, n'kuuthira m'mathireyi. Ndinalawa ndi kasupuni ka bakha. Unali wopanda tsabola, wa mchere wochepa, koma kwa munthu wa masiku khumi ndi awiri a njala unali ngati ukwati. Ndinayamba kuwauza zonse zimene ndidzachite: kukwera masitepe a ku saluni osapumira pakati, kumanga ndekha zingwe za nsapato, kukhala pampando wa basi popanda woyandikana naye kupuma mokweza. Asisi ankangoti ameni, ameni, akupukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni.

Kenako kunamveka kugogoda.

*

Asisi ndiwo anatsegula. Ndinamva akuti, "Fikani, mayi," ndi mawu aja amatulutsa akaona munthu wosamudziwa koma wooneka wolemekezeka. Ndinasuzumira pabalaza.

Anali amayi a Wamagetsi. Chiyambire chibwenzi chathu anali asanapondepo pakhomo pathu, ndipo sindinkadziwa kuti akudziwa kumene ndimakhala. Anali atavala zopitira kutchalitchi tsiku lisanafike, thukuta lili pamphuno, chikwama chachikulu chili m'manja.

"Amayi," Wamagetsi anatero, akupukuta manja pa thalauza. "Mwabwera bwanji? Mukanandiimbira."

"Ndakuimbira kasanu ndi kawiri. Choka apo, sindinabwerere iwe."

Anamudutsa n'kulunjika kwa ine. Ndinayamba kugwada kuti ndiwapatse moni, koma anandigwira m'mapewa.

"Ayi, ayi, usagwade. Panopa si nthawi yogwada." Ndipo anandikumbatira.

Mayi amene sanandigwirepo dzanja mokwanira anali atandikulunga ndi manja onse awiri, mutu wawo uli pachifuwa panga. Atandisiya, maso awo anali ofiira.

"Mwana wanga, bwanji osandiuza? Mpaka ndimve kwa anthu a kwaya?"

Ndinayang'ana Wamagetsi. Ndinaganiza kuti mwina amva za opaleshoni, ndipo mtima wawo wafewa. Ndinamwetulira.

"Timaopa kuti mukhumudwa, amayi."

"Kukhumudwa? Ine?" Anatulutsa foni n'kundionetsa. Chinali chithunzi cha kangolo kathu: pilo, madiresi otaya, timbale, timabotolo ta zipatso, ndi dzanja la Wamagetsi litabisa kasupuni kumbuyo. Pansi pake Soprano anali atalemba: "Amayi, taonani zimene akuchitirani. Wamukola ndi mimba mwana wanu. Avomera okha pamaso panga."

Mawu onse a m'sitolo muja anandibwerera limodzi. Zanga ndithu. Adokotala alamula. Moyo watsopano.

"Iye amayesa ndipsa mtima," amayi anapitiriza, akuseka ndi misozi. "Wandiimbira akulira, ati tipite tikamulanditse. Ndamuuza kuti mwana iwe, pita ukachape makatani a kwanu. Ine zaka khumi ndakhala ndikugwada pa simenti kupempha chinthu chimenechi."

Anakhala pa sofa n'kundikokera pambali pawo. M'chikwama muja anatulutsa kabulangete koluka ndi ulusi wachikasu, kopindidwa bwino m'pepala la pulasitiki.

"Aka ndinaluka chaka chimene bambo ake anamwalira. Ndinkati ndikapanda kugwiritsa manja ntchito ndipenga. Kakhala m'sutikesi zaka zisanu ndi zitatu." Anakaika pamiyendo panga n'kukasalaza. "Ndinakulakwira, mwana wanga. Ndinalankhula zambiri za thupi lako, zina unazimva, zina sunazimve. Pakamwa panga pandichititsa manyazi lero. Undikhululukire, mpongozi wanga."

Mpongozi wanga. Mawu amene ndinawalota zaka ziwiri anali atatuluka, ndipo anali okoma kuposa mmene ndinkaganizira. Asisi anaima pakhomo la khitchini, sefa ili m'manja, akundiyang'ana ndi maso akuti lankhula msanga.

"Amayi," ndinayamba. "Pali zoti mumve. Zinthu zija tagula zija..."

"Ndikudziwa, mwachita manyazi chifukwa ukwati sunachitike. Zimenezo zisiye kwa ine, ndakonza kale. Ndaimbira amalume ake onse awiri ndili m'basi. Wamkuluyo achoka kwawo mawa, agona kwanga. Lolemba m'mawa tikubwera kuno kudzaonana ndi akwanu, tipangane tsiku mimba isanaonekere." Anatembenukira kwa asisi. "Inu ndinu akulu ake? Muuze akuluakulu a kwanu. Naini koloko tafika."

"Lolemba, mayi?" asisi anafunsa.

"Lolemba. Zabwino sizigonera."

Ndinayang'ana Wamagetsi. Apa ndiye panali pake. Analonjeza kuti adzawauza mawa, mawa lija linali litabwera lokha kudzakhala pa sofa yathu. Ndinamukodola ndi maso. Iye anali ataima pafupi ndi zenera, akuyang'ana amayi ake, ndipo ndinaona kuti nkhope ngati imeneyi anali asanaione pa iwo kuyambira tsiku la maliro a bambo ake.

"Tsono iwe," amayi anatero kwa iye, akupukuta misozi ndi chikhatho, "waima ngati polo bwanji? Tandiuza. Ndi miyezi ingati?"

M'khitchini chivindikiro cha mpoto wa nkhuku chinkagogoda. Wamagetsi anayang'ana kabulangete kaja.

"Iwiri, amayi."

Amayi anaika manja onse awiri pamimba panga n'kutseka maso, milomo ikuyenda m'pemphero. Ine ndinayang'ana pamwamba pa mutu wawo, kufuna maso a mwamuna amene ndinamulonjeza malo a pakhomo pa moyo wanga ola limodzi lapitalo. Iye anali akuyang'ana pansi.